KODI KHAMU LA ANTHU LINGAGAMULE CILANGO?

Munthu akaphedwa pafupi ndi komponi, kapena mnzathu akalandidwa malipiro a mwezi wonse pa njira ya ku sitolo, mau omveka m'zipinda madzulo ndi amodzi: wocita zimenezi anyongedwe basi. Onena cotero si anthu oipa ai, ndi amuna otopa ndi mantha. Koma kodi woweruza ayenera kumvera mau otere popereka cilango? Funso limeneli linafika ku khoti lalikulu la South Africa m'caka ca 1995, ndipo yankho lace likhudza munthu ali yense wogwira nchito kutali ndi kwao.

Kale dziko lino linali kunyonga anthu ambiri ndithu. Ku ndende ya Pretoria Central kunali malo onyongerapo anthu 7 nthawi imodzi, ndipo m'caka ca 1987 cokha ananyongako anthu 164. Womariza kumeneko ananyongedwa mu November 1989. Mu February 1990 Pulezidenti F. W. de Klerk anaimitsa kunyonga, koma lamulo lace linakhalapobe, ndipo oweruza anapitiriza kugamula imfa. Pofika 1995 anthu oposa 300 anali m'ndende kudikira cingwe.

Awiri mwa iwo anali Makwanyane ndi Mchunu, amene anapezeka olakwa pa kupha anthu 4 ndi kulanda za eni. Panalibe wokayika kuti anacita coipa cacikuru. Mlandu wao unapita ku khoti latsopano loyang'anira malamulo akulu a dziko, kumene kunakhala oweruza 11, mkulu wao Arthur Chaskalson. Boma la Nelson Mandela linati kunyonga kuleke. Koma mkulu wa oimba milandu wa cigawo ca Witwatersrand anakana, ndipo mwa zifukwa zace cina cinali cakuti anthu ambiri a m'dziko alikufuna cingwe.

Chaskalson sanatsutse zimenezo. Anabvomera kuti kapena ambiri afunadi kuti wakupha aphedwe. Koma anafotokoza kuti nchito ya khoti siyo kuwerenga manja a anthu. Kukadakhala kuti khamu ndilo ligamula, khoti lotere likadakhala lopanda nchito, pakuti Nyumba ya Malamulo iripo kale yomvera ambiri. Khoti linaikidwa kuti licinjirize amene alibe owanenera, ngakhale amene anthu onse awanyoza. Pa 6 June 1995 oweruza onse 11 anagwirizana kuti cilango ca imfa cithe, ndipo ena mwa iwo anachula ubuntu, umene kwathu timati umunthu.

Tsono abale, taganizani bwino za amene alibe owanenerawo. Kodi ndani? Cinthu cikasowa m'tauni, woyamba kulozedwa cala ndi mlendo, munthu wa cinenero cacilendo, amene amalume ace ali ku Dedza kapena ku Chipata ndipo sangabwere kudzaimirira pambuyo pace. Khamu lifulumira kupha munthu amene silimdziwa. Akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Iwe amene ufuula lero kuti anyongedwe, tsiku lina ungaime m'khoti wekha, kumvera mlandu wako kupyolera mwa womasulira, anthu kunja alikufuula dzina lako.

Komabe musayese kuti mau a anthu anatayika. Atatsekeredwa khomo la khoti analowera khomo la Nyumba ya Malamulo, kumene akulu amaopa kutaya mavoti. Upandu unali wocuruka zaka zimenezo, anthu anakwiya, ndipo mu 1997 anapanga lamulo loika zaka zimene woweruza sayenera kucepetsa. Wopha munthu mocita kukonzekera, ndende moyo wace wonse. Wolanda katundu ndi mfuti kapena mpeni, zaka 15 ulendo woyamba, 20 waciwiri, 25 wacitatu. Anati lamuloli likhala zaka 2 zokha, koma analionjezera kawiri-kawiri mpaka mu 2007 linakhazikika. Omangidwa moyo wonse, amene mu 1995 anali mazana ocepa, anacuruka kufika zikwi zambiri, ndipo ndende zinadzaza.

Lamulo limeneli linasiya kampata kamodzi. Woweruza akhoza kucepetsa zaka ngati pali zifukwa zolemera ndithu. Ndico cace munthu wopezeka wolakwa asakhale duu ngati nkhani yatha. Imeneyo ndiyo nthawi yakuti iye kapena loya wace auze khoti za msinkhu wace, za ana amene awadyetsa, za zaka zimene wagwira nchito wopanda mlandu, ndi m'mene coipaco cinayambira. Ambiri amacita manyazi, ena amaopa kulankhula cinenero cao, cinkana lamulo liwalola kumva mlandu m'cinenero cimene acidziwa.

Kwa inu ocokera ku Malawi pali nkhani yofanana. Kumeneko lamulo linali lakuti wopha munthu agamulidwe imfa, woweruza afune asafune, ngakhale kuti palibe amene wanyongedwa ciyambire 1992. Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni, Khoti Lalikulu linati kugamula imfa kosamva zifukwa za munthu nkosaloleka. Cotero kuyambira 2015 milandu ya akaidi aja inamvedwanso. Anthu othandiza maloya anayenda m'midzi kukafunsa abale, anansi, mafumu, ndipo pena abale a wophedwa yemwe.

Awanso anali mau a anthu, koma anthu odziwa munthuyo kuyambira ali mwana. Anakumbukira kuti uyu anali wodwala mutu, uyu anamenyana pa mowa, uyu anali mnyamata wamng'ono pamene anagwidwa. Mafumu anafunsidwa ngati angamlandirenso pa mudzi, ndipo ambiri anayankha kuti abwere, munda ulipo. Oweruza anamva zonsezi, nagamula okha, mlandu uli wonse pa wokha. Ena anapatsidwa zaka zina zoti atsirize, koma ocuruka anaturuka m'ndende ya Zomba nabwerera kwao, ena imvi ziri mbuu, atakhalamo zaka zoposa 20.