Kunyamuka pachitunda si matsenga

Makolo akabweretsa mwana wawo kuti ndimuphunzitse kuyendetsa galimoto, funso lawo limakhala la masiku ndi ndalama. Mwanayo amakhala ndi funso lake, koma salinena pamaso pa makolo. Amadikira titsale awiri m'galimoto, kenako amafunsa motsitsa mawu: "Aphunzitsi, nanga ikayamba kubwerera m'mbuyo pachitunda?"

Kwa mwana wa mu Blantyre, funsoli ndi lanzeru. Mzinda uno unakhala pakati pa mapiri. Ndirande ali uku, Soche uko, Michiru kumadzulo, Mpingwe ndi Bangwe cha ku Limbe, ndipo anthu anamanga m'mphepete mwa mapiri onsewa. Wa ku Chilomoni, wa ku Zingwangwa ndi wa ku Chilobwe sangafike pakhomo osakwera chitunda. M'tauni mwenimweni, Victoria Avenue imatsetsereka kuchokera kumtunda kwa Glyn Jones mpaka kumtsinje wa Mudi, ndipo wochoka ku Blantyre kupita ku Limbe pamsewu wa Masauko Chipembere amakhala akukwera. Wophunzira kuno sangazembe chitunda ngakhale atafuna.

Achinyamata ambiri amaganiza kuti madalaivala akale ali ndi kaluso kobadwa nako m'phazi. Palibe zotero. Chimene chilipo ndi kumvetsa ntchito ya kilatchi. Injini ikangolira imazungulira osaima, pamene matayala amayenera kuima ndi kuyenda. Pakati pa injini ndi magiya pali mbale yomwe imapanikizidwa kuchitsulo chozungulira cha injini. Mukaponda kilatchi mpaka pansi, mbaleyo imasiyana ndi chitsulocho, mphamvu siifika kumatayala. Mukamakweza phazi pang'onopang'ono, ziwirizi zimayamba kukhudzana, ndipo pamene zayamba kugwirana injini imasintha kulira, mutu wa galimoto umadzuka pang'ono ngati ikufuna kupita. Malo amenewo ndiwo timawafunafuna tsiku lililonse la maphunziro oyamba.

Ana amene anatungako madzi amamva msanga ndikawakumbutsa za kusenzetsa ndowa. Wosenzetsa sasiya ndowa m'malere. Amaigwirabe mpaka amve kuti khosi la mnzake lalandira kulemera konse. Pachitunda wosenzetsayo ndi handibuleki, wosenza ndi injini. Mwaima, mwakoka handibuleki, mwaika giya yoyamba. Mupatse moto wocheperapo koma wosasinthasintha, mukweze kilatchi mpaka galimoto idzutse mutu, phazi liime pomwepo. Mukatero tsitsani handibuleki. Galimoto ikabwerera m'mbuyo ndiye kuti mwatsitsa handibuleki injini isanalandire katundu. Ikazima ndiye kuti mwaiunjikira katundu yense nthawi imodzi moto uli wochepa. Zolakwika zake ndi ziwiri zokhazi, ndipo zonse zimatha ndi kubwereza.

Chimene chimasokoneza ophunzira kwenikweni ndi hutala. Maloboti akangosintha, wa minibasi kumbuyo wayamba kale kuimba, wa kabaza akupanikiza kumanzere, ndipo mwana yemwe amanyamuka bwinobwino pamalo opanda anthu amaiwala kuti phazi lamanzere ndi liti. Ndimawauza kuti galimoto ikazima asayang'ane pagalasi kufuna kuona nkhope ya wokwiyayo. Aponde buleki, akoke handibuleki, alize injini, ayambenso. Zimenezi sizitha ndi theka la mphindi lomwe, ndipo wa minibasiyo nayenso inamuzimirapo tsiku lina.

Pali chizolowezi china chomwe anyamata amachisirira, chomwe madalaivala amati kubalansa: kuimitsa galimoto pachitunda ndi kilatchi ndi moto basi, osagwira buleki. Kwa kanthawi kochepa n'kothandiza ndipo ndimaphunzitsa. Koma kukhala choncho pamzere wa magalimoto mpaka maloboti asinthe ndi kupereka ndalama kwa makaniko, chifukwa mbale ija imakhala ikukhuzika ndi kutentha. Kafungo kopserera komwe mumamva pamitunda nthawi ya m'mawa ndi kameneko.

Masiku ano ambiri akuti zonsezi n'zachikale, popeza ma Vitz, ma Passo ndi ma Sienta ochokera ku Japan adzaza mumzinda ndipo alibe kilatchi yoponda. N'zoona kuti otomatiki imapeputsa kukwera, ngakhale kuti pachitunda chenicheni, galimoto ya injini yaing'ono itadzaza anthu imabwererabe m'mbuyo phazi likachoka pabuleki. Koma ine nkhawa yanga siili pokwera. Wolephera kukwera amachita manyazi, mwina n'kuphwanya nyali ya mnzake. Kutsika ndiko kumapha, ndipo n'kumene ophunzira sakuopa n'komwe.

Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Mukawaponda osalekeza pamtsetse wautali amatentha mpaka kuleka kugwira bwino, ndipo mafuta a mabuleki, makamaka akale omwe anayamwa chinyezi, amatha kuwira. Zikafika apo phazi limangolowa pansi galimoto osamva. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka ziwiri, zomwe eni magalimoto ochepa kwambiri kuno amachita. Njira yotetezeka ndi kutsika ndi giya yaing'ono kuti injini izithandiza kugwira galimoto. Giya yomwe mukanakwera nayo phirilo ndiyo mutsike nayo. Pa otomatiki pali L, 2, S kapena B malinga ndi mtundu wa galimoto, zilembo zomwe anthu ena amagulitsa galimoto asanazigwiritsepo ntchito.

Ndiye pali kutsika pa "free" pofuna kusunga mafuta. Mwana amaona madalaivala ena akuchita ndipo amatengera. Pagalimoto zamakono palibe chomwe mukusunga, chifukwa galimoto ikakhala m'giya phazi litachoka pamoto, kompyuta yake imadula yokha mafuta opita mu injini, pamene pa "free" injini imamwabe kuti isazime. Mwataya thandizo la injini popanda phindu lililonse. Amene anatsikapo msewu wa ku Chikwawa akudziwa chomwe ndikunena. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo msewuwo umakhotakhota kutsika mamita mazanamazana mpaka kuchigwa cha Shire. Wophunzira wanga sindimulola kupita kumeneko asanazolowere mitsetse ya m'tauni.

Kudziwa mzinda nako ndi phunziro palokha. Mtsikana wobadwira ku Ndirande amalumbira kuti Blantyre amamudziwa, koma amamudziwa ali pawindo la minibasi. Akagwira chiwongolero amadabwa kuti sakudziwa mbali yoti akhale pofika pa raundabauti ya Clock Tower, kapena kuti pa Ginnery Corner anthu opita kuchipatala cha Queen Elizabeth amadutsa paliponse. Amafunika adziwe kuti pamwamba pa chitunda saona zomwe zili kuseri, choncho sapitirira galimoto ina pamenepo. Mvula ikagwa, mchenga ndi timiyala tochokera m'misewu yafumbi timatsikira paphula m'munsi mwa mapiri, ndipo matayala amaterereka. Mu Juni ndi Julaye chiperoni chimaphimba Limbe ndi Chigumula moti nyali zimayenera kuyaka masana. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imayenda mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ndiye ganizirani mwana amene wayang'ana pafoni kwa masekondi atatu akutsetsereka.

Poimika galimoto pamtsetse, handibuleki yokha musaikhulupirire. Siyani m'giya, kapena pa P, ndipo mukhotetse matayala kuloza kumbali kwa msewu. Mwala wakuseri kwa tayala anthu amauseka, koma ine sindiunyoza.

Kwa makolo, mawu anga ndi awa. Laisensi ya galimoto yaing'ono imaperekedwa kwa munthu wa zaka 18, ndipo asanayambe kuphunzira pamsewu ayenera kukhala ndi chiphaso cha wophunzira chochokera ku Road Traffic. Kupatsa makiyi mwana wa Fomu 3 kuti akagule buledi ndi kuswa lamulo, ndipo akachita ngozi a inshuwalansi akhoza kukana kulipira. Akapeza laisensi musamusiye yekha tsiku lomwelo ndi anzake anayi kumbuyo, chifukwa wachinyamata amayendetsa mosiyana anzake akamamuonerera. Khalani naye pampando wakumanzere miyezi yoyambirira, Lamlungu m'mawa misewu ili phee, adutse njira zomwe azidzayenda yekha: kusukulu, kutchalitchi, kumsika wa Limbe. Ikamuzimira pachitunda musamulande chiwongolero ndipo musakalipe. Mulekeni akoke handibuleki ayambenso.