Majumbo opyapyala: musaikepo mpamba wanu

Wina akabwera pa benchi panu mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande ndi belo la majumbo opyapyala pamtengo wozizira, muyambe mwadzifunsa chifukwa chake akutchipitsa chotero. Katundu ameneyu ndi woletsedwa, ndipo tsiku lolanda likafika, amene adzalire ndi inu amene mwapezeka naye, wokugulitsani atatenga kale ndalama zake.

Lamulo lake silachilendo. Boma lidaletsa kupanga, kuitanitsa kunja ndi kugulitsa mapulasitiki opyapyala m'chaka cha 2015. Malire ake ndi ma micron 60, kutanthauza mamilimita 0.06, pafupifupi kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu. Jumbo yonyamulira katundu yosafika pamenepa ndi yoletsedwa.

Chimene chidasokoneza amalonda ambiri ndi milandu. Makampani opanga mapulasitiki adakatenga chiletso ku khoti, majumbo n'kubwereranso m'misika. Pa 31 July 2019 khoti la Supreme lidagamula kuti lamulolo ligwire ntchito, koma makampani ena adapitanso ku khoti. Kumayambiriro kwa 2025 khoti lalikulu lidachotsa chiletso chimene chidatsala, ndipo bungwe loona za chilengedwe la MEPA lidalengeza kuti liyamba kulondoloza lamuloli. Amene akudikirabe kuti zinthu zitembenukanso akuchita juga ndi mpamba wake.

Kunena zoona, ife amalonda a mu Blantyre sitingadandaule kwambiri. Pitani mukaone mtsinje wa Mudi, kapena ngalande za m'mbali mwa msika mvula ikagwa. Majumbo amatseka ngalande, madzi n'kusefukira m'mashedi, ndipo tomato ndi ufa zimene zimanyowa ndi zathu zomwe. Oweta ziweto nawo amadziwa zimene zimapezeka m'mimba mwa mbuzi ikafa mosadziwika bwino. Imfa za mbuzi zoterezi ndi zimene zidachititsa Gloria Majiga-Kamoto kulimbana ndi mapulasitikiwa, mpaka adalandira mphoto ya Goldman mu 2021.

Nanga mungadziwe bwanji kuti jumbo yakwana ma micron 60? Ndi maso n'kovuta. Yopyapyala imaonetsa zala mukalowetsamo dzanja ndipo imatanuka n'kubooka mukaikankha ndi chala, koma umenewu si umboni woti mungaonetse oyendera msika. Odani kwa wogulitsa wodziwika, mufunseni kukhuthala kwake, ndipo alembe pa lisiti. Akakana kulemba, mwamva kale yankho.

Jumbo yokhuthala ndi yokwera mtengo, izi n'zosabisa. Apa ndi pamene ambiri amaluza osazindikira, chifukwa adazolowera kupereka jumbo ngati basera. Gawani mtengo wa paketi ndi chiwerengero cha majumbo ali m'katimo, mudziwe kuti imodzi ikukudyerani zingati. Kenako sankhani: muiphatikize pa mtengo wa katundu kapena muigulitse payokha. Kuigulitsa payokha ndiko kwabwino. Kasitomala akalipira kawiri katatu, ulendo wachinayi amabwera ndi chikwama kapena basiketi yake, ndipo kutsitsa mtengo wa mulu wa tomato sikukhalanso nkhani ya jumbo. Ogulitsa mpunga, nyemba ndi mtedza angathe kuika zikwama za nsalu kapena za masaka pambali ngati malonda owonjezera. Matelala ali mumsika momwemo.

A ziwaya ndi a malesitilanti, yang'aniraninso timabokosi toyera topepuka tija toikamo tchipisi ndi mpunga. Timeneti sitiwola, timangonyenyeka tizidutswa toyandama pamadzi. Ku Zimbabwe, kumene amati kaylite, adatiletsa mu 2017, ndipo mzinda wa New York udatiletsa kuyambira January 2019. Ndi mmene mphepo ikuombera, si nzeru kuunjika makatoni a miyezi yambiri. Odani okwanira sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo makasitomala a tsiku ndi tsiku, monga ogwira ntchito m'mashopu oyandikana nanu, muwapemphe azibwera ndi kontena yawo. Wodyera pomwepo mumpatse mbale.

Inu opita ku Kyela ndi ku Kariakoo kukaoda katundu, kumbukirani kuti Tanzania idaletsa majumbo onyamulira katundu kuyambira pa 1 June 2019, ndipo lamulolo limakhudzanso alendo. Musanafike pa chipata cha Songwe, samutsirani kamba wanu m'chikwama cha nsalu.