Anyamata a zitsulo pagombe: kodi masewero asinthidwe liti?

METANGULA — Dzuwa likapendeka, maukonde atayanikidwa ndipo usipa uli pathandala, pamamveka phokoso lina m'midzi ya m'mbali mwa nyanja yathu ino. Ndi phokoso la chitsulo chogwera pamchenga. Anyamata amatenga zitini ziwiri za penti, kuthiramo simenti, kulowetsa paipi pakati, basi jimu yatheka pansi pa mtengo wa mango.

Pansi pa mitengo imeneyi pali mkangano umene sukutha. Gulu lina likuti munthu azisintha kanyamulidwe sabata iliyonse kuti thupi lisazolowere, chifukwa ndi zimene amaona m'mavidiyo a pafoni. Gulu lina lili ndi chitsulo chimodzi chomwecho, kanyamulidwe kamodzi komweko, chaka chino ndi chaka chatha. Awerengi athu, magulu onse awiriwa akutaya thukuta pachabe, ndipo ena akutaya ndi mapewa omwe. Kwa msodzi, phewa ndiye munda wake. Likafa, nkhafi imagona pakhonde ndipo ana amagona ndi njala.

Tiyambe ndi kutchula masewero akuluakulu, amene ali ngati nsanamira za nyumba. Pali kunyonyomala chitsulo chili pamapewa. Pali kudzutsa chitsulo pansi mpaka munthu kuima chilili. Pali kukankha, kaya kukankhira m'mwamba utaimirira kapena utagona chagada pabenchi. Ndiye pali kukoka, monga kudzikweza panthambi mpaka chibwano kupitirira. Zina zonse, monga zija zopinda mkono kuti atsikana aone pamsika, ndi zokometsera chabe.

Tsono n'chifukwa chiyani kusintha sabata iliyonse kuli kulakwitsa kwa munthu woyamba kumene? Taganizani za mwana amene akuphunzira kupalasa bwato. Masiku oyamba bwato limangozungulira pamodzimodzi ngati nkhuku yodwala. Pakatha mwezi likuyenda molunjika ndipo mwanayo satopa msanga. Kodi mikono yake yakula? Ayi. Chimene chachitika n'choti ubongo ndi mitsempha zaphunzira kulamula minofu kuti igwire ntchito pamodzi, pa nthawi yake. Ndi chimodzimodzi ndi chitsulo. Mphamvu imene munthu amaonjezera m'masabata oyambirira imachokera kwambiri ku kuphunzira kumeneku. Kukula kwenikweni kwa minofu kumachedwa, kumayamba kuoneka bwino pakadutsa mwezi ndi theka kapena miyezi iwiri. Wosintha Lolemba lililonse amakhala wophunzira mpaka kalekale. Ali ngati mlimi amene amazula chinangwa sabata iliyonse kuti abzale mtundu wina.

Palinso chinyengo cha ululu. Sewero lachilendo limapweteketsa thupi tsiku lachiwiri ndi lachitatu, ndipo anyamata amati pamenepo ndiye zagwira. Ululu umenewo umangosonyeza kuti thupi lakumana ndi chachilendo. Mukabwereza sewero lomwelo umachepa, koma mphamvu imapitirira kukwera.

Gulu lachiwiri lija nalo lisaseke. Kunyamula kulemera komweko chaka chonse kumasunga mphamvu imene muli nayo, koma sikuonjezera. Agiriki akale anali ndi nthano ya Milo wa ku Croton, katswiri wogwetsana amene anakhalako zaka zoposa 2,500 zapitazo. Amati ankanyamula kamwana ka ng'ombe tsiku ndi tsiku mpaka kanasanduka nkhunzi ili pamapewa ake. Kaya zinachitikadi kaya ndi nthano, mfundo yake madokotala anaitsimikiza. M'chaka cha 1945 dokotala wa asilikali a ku America, Thomas DeLorme, analemba za momwe ankachiritsira asilikali ovulala pankhondo powanyamulitsa zolemera n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Mu 1948 iye ndi mnzake Arthur Watkins anakonza ndondomeko yonyamula kakhumi, kupuma, n'kubwereza mpaka maulendo atatu, imene anthu ambiri akuitsatabe. Taonani: chimene chimasintha kawirikawiri ndi kulemera, osati sewero.

Vuto la simenti ndi loti ikauma yauma, simungaonjezere. Koma ife tili ndi nyanja pakhomo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Chigubu cha malita 20 chikadzaza ndi makilogalamu 20. Mangani zigubu ziwiri kunsonga za paipi, yambani ndi madzi ochepa, ndipo sabata iliyonse thirani lita imodzi mbali iyi ndi lita imodzi mbali iyo. Ngakhale timabotolo tamchenga tomangirira pachitsulo chasimenti timagwira ntchito yomweyo. Kope la sukulu ndi pensulo zikhale pafupi, pakuti wosalemba sadziwa ngati akukwera kapena akutsika.

Nanga akatswiri a kunja amatani? Nawonso sagwirizana, ndipo apa mpamene nkhani ikukoma. Ku Bulgaria kunali mphunzitsi wotchuka, Ivan Abadjiev, amene anachepetsa masewero a anyamata ake kufika pa ochepa kwambiri, n'kumawabwereza tsiku ndi tsiku, kangapo patsiku. M'manja mwake munadutsa Naim Süleymanoğlu, amene pambuyo pake anathawira ku Turkey. Pa mpikisano wa Olimpiki ku Seoul mu 1988, bambo wamfupi ameneyu, wa m'gulu la makilogalamu 60, anakweza makilogalamu 190 pamwamba pa mutu. Ndiko kuti matumba a simenti atatu a makilogalamu 50 ndi zigubu ziwiri zodzaza pamwamba pake. Koma tisabise: njira ya ku Bulgaria inkathyola anthu ambiri, ndipo timu ya dzikolo inachita manyazi mu 1988 ndi mu 2000 pamene ena mwa onyamula ake analandidwa mendulo chifukwa cha mankhwala oletsedwa.

Ku Columbus, m'dziko la America, kunali mphunzitsi wina, Louie Simmons wa jimu ya Westside Barbell, amene anamwalira mu 2022. Iyeyu ankasintha sewero lolemetsetsa pakatha sabata imodzi, awiri kapena atatu. Anyamata a pafoni aja akamva izi amati mwaonatu. Koma anthu a Simmons anali atanyamula kwa zaka zambiri, ndipo pa tsiku lolemera ankafika pamapeto penipeni pa mphamvu zawo, pamene thupi silingapirire kubwereza zomwezo kwa nthawi yaitali. Komanso sankasiya kunyonyomala n'kuyamba zina. Ankangosintha kaimidwe, mtundu wa chitsulo kapena kuya kwa kunyonyomalako. Bwato linali lomwelo, ankangosintha nkhafi.

Mwa kuona kwanga, yankho la mnyamata wa kuno ndi lotere. Ngati simunathe chaka mukunyamula, gwirani masewero anayi aja kwa miyezi itatu kapena kupitirira osawasintha, kawiri kapena katatu pasabata, n'kusiya tsiku limodzi lopuma pakati. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, mu malangizo ake a 2020 linati munthu wamkulu azichita zolimbitsa minofu masiku osachepera awiri pasabata, ndiye musaganize kuti kawiri n'kochepa. Ngati mwatha zaka ziwiri kapena zitatu, mutha kusintha pakadutsa masabata anayi mpaka asanu ndi atatu, koma sinthani pang'ono: chitsulo chichoke kumbuyo kwa khosi chibwere kutsogolo, manja atalikirane kapena ayandikane, kapena mmalo monyamula kasanu molemera munyamule kakhumi mopepukirako.

Kalendala yokha isakulamuleni. Kope lija likaonetsa kuti masabata atatu adutsa osaonjezera ngakhale lita imodzi, pamene mukudya ndi kugona bwino, yambani mwatsitsa kulemera kwa sabata imodzi. Mukabwerera n'kupeza kuti mwaimabe pomwepo, nthawi yosintha yakwana. Chizindikiro china ndi ululu wobaya m'mfundo, m'phewa, m'bondo kapena kumunsi kwa msana. Umenewo si wodikira masabata atatu. Siyani sewerolo tsiku lomwelo.

Mavidiyo a pafoni sadziwa chinthu chimodzi: ambiri mwa anyamata athu amafika pachitsulo atanyamula kale. Munthu amene wachezera usiku kupalasa ndi kukoka chilimira wagwiritsa ntchito msana ndi mapewa mokwanira. Kumuuza kuti madzulo akadzikwezenso panthambi maulendo makumi asanu n'kumupha. Chimene ntchito yake simupatsa ndi miyendo ndi kukankha, ndiye ayike mtima pamenepo.

Ndipo nyanja ili ndi kalendala yakeyake imene ndiyoposa ya m'mabuku. Aphunzitsi ambiri amalangiza sabata yopepuka pakatha masabata atatu kapena anayi olemera. Ife mwezi wakumwamba unatikonzera kale. Mdima ukagwira, nyali zili panyanja usiku uliwonse kusaka usipa, imeneyo ndi nthawi yopepuza chitsulo. Mwezi ukawala, usipa osabwera kunyali ndipo asodzi akugona kunyumba, ndiye nthawi yoonjezera madzi m'zigubu. Chimodzimodzi nyengo ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pamene masiku ena mabwato amakhala kumtunda chifukwa cha mafunde: miyezi imeneyo ndi yabwino kugwira masewero anayi aja mosadukiza. Mvula ikagwa, khasu lili m'manja kuyambira m'bandakucha, msana umakhala utawerama kale tsiku lonse, choncho kudzutsa chitsulo pansi kuchepe kapena kuyambe kwaima. Ndipo mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zapepuka m'mabanja ambiri, musadabwe chitsulo chikakana kukwera. Vuto silili m'sewero, lili m'mbale. Kondowole amakhutitsa ndi kupatsa mphamvu yogwirira ntchito, koma chomangira minofu chili mu usipa, utaka, nyemba, mtedza ndi mazira.

Mawu amodzi kwa akuluakulu a pansi pa mango. Mpikisano woyesana kuti wamphamvu ndani Loweruka lililonse ndi umene umavulaza ambiri, makamaka ana asukulu amene amafuna kufanana ndi achimwene awo. Kuyesa mapeto a mphamvu kuchitike kamodzi pa miyezi iwiri kapena itatu, anzanu awiri ataima m'mbali kuti alandire chitsulo chikakana. Simenti yong'ambika ndi paipi yadzimbiri muziziyang'ana musananyamule, chifukwa chitini chikapulumuka chimatera paphazi. Munthu akamva ululu wa msana wotsikira kumwendo, mwendo kuchita dzanzi kapena kufooka, kapena chotupa chotuluka m'mphechepeche, asathamangire kutema mphini. Apite kuchipatala msanga. Kuchokera ku Metangula kukafika ku chipatala chachikulu cha chigawo ku Lichinga ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100, ndipo wa ku Cóbuè ulendo wake ndi wautali koposa pamenepo, wofuna ndalama za usipa wa masiku ambiri.