Kanyama Kamene Dokotala Amadula pa Chotupa

Kodi munaonapo munthu ali ndi chotupa m'khosi, m'bere kapena pansagwada, chimene sichikuphwa? Kuno ku Domasi munthu wotere amayamba wapita kuchipatala chapafupi. Akaona kuti matenda ndi aakulu, amamtumiza ku chipatala chachikulu cha Zomba. Kumeneko dokotala angathe kunena kuti adula kanyama pang'ono pachotupapo. Ambiri amachita mantha, ena amathaŵa kumene. Tamvani ntchito ya kanyamako.

Zotupa zimafanana kunja. Mwanabere wa m'khosi angakhale TB, angakhalenso khansa, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Munthu wa khansa akamamwa mankhwala a TB miyezi 6, khansa ija imangokula.

Kanyama kaja amakatumiza kokapima ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Pa chipatala cha Kamuzu Central anatsegula nyumba yopimiramo zotere mu 2011. Amakaumitsa m'phula, n'kusenga kachidutswa kopyapyala kuposa tsitsi, n'kukaika pagalasi.

M'magazi mwathu muli asilikali otchedwa ma antibody. Aliyense amagwira mdani wake mmodzi, monga galu wosaka amene amadziŵa fungo la kalulu basi. Mu 1975, ku Cambridge, Georges Köhler ndi César Milstein anapeza njira yopangira asilikali ambirimbiri a mtundu umodzi. Opima amadonthezera asilikali otere pagalasi paja. Pamene agwira, pamasanduka pofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo dokotala amaona ndi makina okuza zinthu.

Wogwira chizindikiro cha LANA amaulula khansa ya Kaposi, ija imatulutsa maŵanga akuda pakhungu. Wa CD20 amathandiza kuzindikira khansa zina za mwanabere, monga yotupitsa ana nsagwada, imene Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958. Wa ER amasonyeza ngati mayi wa khansa ya m'bere angathandizike ndi mapiritsi a tamoxifen.

Komatu galu wina amauwa popanda nyama. Chifukwa chake opima sakhulupirira msanga. Amayesa asilikali aja pa kanyama kena kodziŵika kale kuti kali ndi chizindikiro, ndiponso pa kena kamene kalibe. Akafiiritsa konse kuŵiri, kapena osafiiritsa paliponse, zotsatirazo amazikana, nayambanso.

Zonsezi zimatenga masiku, mwina masabata. Mukauzidwa tsiku lokamva zotsatira, lilembeni, ndipo popita musaiŵale buku lanu lakuchipatala.