Mashoko aatali sachiritsa njinga yolemedwa ndi katundu

Mvula ikayamba, amalonda amene amanyamula mbatatesi ku Tsangano kapena tomato ku Lizulu pa njinga zamoto amakhala ndi dandaulo limodzi: injini ikugunda pansi. Msewu ukakumbika ndi madzi, njinga ya Boxer kapena Lifan yosenza matumba awiri imakhula miyala ndi mahampu. Malangizo amene amamveka msanga pa siteji ya kabaza ndi akuti mwini njinga agule mafoloko ndi mashoko otalikirapo kuti ikwere m'mwamba.

Njinga imakweradi. Koma pali zina zimene zimasintha zomwe wogulitsa sipeyala satchula kawirikawiri.

Mafoloko akutsogolo akatalika, mutu wa njinga umadzuka ndipo kulemera kumathawira kumbuyo, komwe kuli kale katundu. Tayala lakutsogolo limapepuka, siligwira nthaka mokwanira, ndipo pokwera chitunda limatha kunyamuka. Pokhota njinga imachedwa kumvera chiwongolero. Pamatope, tayala lopepukalo ndi limene limayamba kuterereka, ndipo dengu la tomato likagwa kamodzi phindu la sabata yonse limatsala mumsewu.

Choopsa kwambiri ndi waya wa buleki. Wayayu anamuyeza kufakitale molingana ndi mafoloko amene njinga inabwera nawo. Njinga ikadumpha hampu, mafoloko aatali amatambasuka mpaka kumapeto n'kukoka wayayo, ndipo buleki imatha kugwira yokha woyendetsa asanaikhudze. Waya wa sipidomita nawo umaduka mwa njira yomweyo. Nyali imayamba kuwalitsa mitengo m'malo mwa msewu, ndipo sitandi ya m'mbali imakhala yaifupi moti njinga yodzaza katundu imapendekeka kwambiri ikaimikidwa. Kumbuyo, shoko yaitali imasintha kakokedwe ka tcheni, choncho tcheni chiyenera kusinthidwanso, apo ayi chimavuka kapena kudya mano a sipuroketi.

Amene ali ndi njinga za matayala anayi zija zimapezeka m'mafamu ndi m'malo ogona alendo asaganize kuti izi sizikuwakhudza. Kwa iwo shoko yaitali imakankhira pansi mikono yogwira tayala mpaka majointi kufika pothera, ndipo njinga ikakwera m'mwamba sichedwa kugubuduka pamalo otsetsereka.

Nthawi zambiri vuto silikhala kufupika kwa mashoko. Amakhala atatopa. Mafuta a m'mafoloko akamatuluka, chitsulo chonyezimira chija chimaoneka chonyowa ndipo fumbi limamatirirapo. Apo mankhwala ake ndi kusintha masilo ndi kuthira mafuta atsopano, muyezo wofanana mbali zonse ziwiri, zomwe mtengo wake sufika pa wa mafoloko atsopano. Mashoko ambiri akumbuyo ali ndi kakolala ka masitepe pansi pa sipulingi. Kukapotoza kufika pa sitepe yolimba kumathandiza kuti njinga isakhale pansi kwambiri ikasenza. Eni njinga ambiri amayenda zaka osakakhudza n'komwe. Ngati sipulingi yatheratu mphamvu, chofunika ndi shoko ya sipulingi yolimbirapo koma yautali womwewo.

Makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi kuyeza. Amayeza shoko njinga ilibe kanthu, kenaka woyendetsa atakwera ndi katundu amene amanyamula masiku onse. Ngati shoko yalowa kupitirira theka njinga isanasunthe n'komwe, palibe chimene chatsala cholandirira mabampu, ndipo mwina katunduyo ndi amene wachuluka. Maulendo awiri amadya petulo wambiri, inde, komabe n'zotchipa poyerekeza ndi felemu yothyoka.

Amene watsimikizabe zokweza njinga apite kushopu atanyamula shoko yakale. Utali umayezedwa m'mamilimita kuchokera pakati pa bowo la bawuti lakumwamba kufika pakati pa bowo lapansi, ndipo kukula kwa mabowowo kuyenera kufanana ndi kwa yakale. Pa mafoloko, kunenepa kwa chitsulo kugwirizane ndi zomangira zake. Kuzinga ndi zidutswa za malata kuti zigwire ndi kuika moyo pachiswe. Mashoko agulidwe awiriawiri, chifukwa yatsopano mbali imodzi ndi yakale mbali inayo zimapotoza njinga. Kutsogolo kukakwera, kumbuyo kukwerenso mofanana, ndipo kusiyana ndi muyezo wakale kukhale kochepa.

Asanapereke ndalama kwa makaniko, mwini njinga apemphe kuti tayala lakutsogolo alinyamule m'mwamba, alizungulitse, kenaka akhotetse chiwongolero kumanja ndi kumanzere mpaka kumapeto. Tayala likaima lokha kapena waya ukaoneka wokokeka, pafunika waya wotalikirapo njinga isanatuluke pagalaja.

Kwa ogulitsa sipeyala, kufunsa kasitomala mtundu wa njinga ndi katundu amene amanyamula kumachepetsa mikangano ya zobweza. Ogula nawo apemphe lisiti ndi kugwirizana zosinthitsa asanachoke, poti shoko ikangomangidwa n'kukandika ogulitsa ambiri sailandiranso.