Musagulitse Nandolo Yense

Nandolo wambiri amene alimi mumabweretsa ku Limbe amatumizidwa ku India. Ndalama n'zofunika, komabe thumba limodzi lizitsala m'nyumba.

Nandolo, nyemba, khobwe ndi mgaiwa zili ndi gaga amene mimba siitha kumugaya. M'chaka cha 1971 dokotala Denis Burkitt, amene adagwirapo ntchito ku Uganda, adalemba kuti khansa ya m'matumbo inali yosoŵa pakati pa anthu akumudzi odya zotere. Gagayu amafulumizitsa chimbudzi, motero zoipa sizikhalitsa m'thupi. Ndiponso tizilombo tabwino ta m'matumbo timadya gagayo n'kutulutsa zinthu zoteteza matumbowo. Chambiko chili ndi tizilombo tabwino totere, ngakhale umboni wamphamvu uli pa gaga. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 25 a gaga wa m'zakudya patsiku.

M'tauni muno, kuyambira ku Namiwawa mpaka ku Ndirande, ambiri amakonda ufa woyera, madeya n'kupatsa nkhuku. Nkhukuzo zikudya bwino kuposa eni ake! Koma chimanga chachuku musachigayitse mgaiwa. Poizoni wa chuku amachuluka m'gaga momwemo, ndipo amayambitsa khansa ya m'chiŵindi.