KALEMBERA WA ANCHITO A M'MINDA: CIFUKWA CACE BOMA LINASINTHA KAWERENGEDWE

Pa mseu wa Nationalist mu Lusaka, pafupi ndi cipatala cacikuru ca UTH, pali nyumba ya akalembera a Boma. Kwa zaka zambiri ofesi imeneyi inali kuchedwa Central Statistical Office, koma lamulo la mu 2018 linaipatsa dzina latsopano la Zambia Statistics Agency. Nchito yace ndiyo kuwerenga anthu, zokolola, mitengo ya zinthu ndiponso anchito a m'dziko lonse.

M'caka ca 2014 akalembera amenewa anapeza kuti anthu apanchito m'Zambia anali pafupifupi 5.9 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo linali m'nchito za ulimi. Patapita zaka zitatu zokha, mu 2017, anapeza apanchito osakwana 3 miliyoni, ndipo olima anali ngati mmodzi mwa anai. Kodi alimi onsewo anapita kuti? Sanapite kwina kuli konse ai. Makasu anali m'manja mwao monga kale. Cimene cinasintha ndi kawerengedwe. Nkwabwino kuti banja liri lonse lakumudzi lidziwe umo Boma liwerengera anchito tsopano, pakuti mayankho amene mlimi apatsa wakalembera ndiwo asanduka ciwerengero cimene akuruakuru ayang'ana pogawa cithandizo.

KULAWA NDIWO

Kuwerenga munthu ali yense m'dziko ndi nchito yaikuru yodya ndalama zambiri. Cifukwa cace kalembera wa anthu onse acitika patalipatali: mu 1969, 1980, 1990, 2000, 2010 ndi 2022. Kalembera wa mu 2022 anapeza anthu oposa 19.6 miliyoni. Pakati pa zaka zimenezi Boma silifika pa khomo liri lonse, koma lisankha mabanja owerengeka kuti aimire anzao.

Mai wophika ndiwo samwa mphika wonse kuti adziwe ngati mcere wakolera. Ayamba wavundula bwino, kenaka alawa pang'ono pa cipande. Akalawa pamwamba pokha osavundula, anyengeka. Akalembera nawonso acita comweco. Dziko lonse analigawa m'timadera tating'onoting'ono tolembedwa pa mapu. Mwa timadera timeneti asankha tina mwa maere, m'cigawo ciri conse, m'tauni ndi kumidzi komwe. Akafika m'kadera kosankhidwa, ayamba alemba mabanja onse okhalamo, ndipo pambuyo pace asankha mabanja 20, mwa maerenso. Sasankha banja cifukwa liri pafupi ndi mseu, kapena cifukwa mwini wace ndi mbale wa mfumu.

Mwacitsanzo, ngati m'kadera muli mabanja 120 ndipo asankhamo 20, banja liri lonse losankhidwa liimira mabanja 6 a m'kaderako. Popezanso kaderako kaimira timadera tina tosasankhidwa, yankho la munthu mmodzi licurukitsidwa kambirimbiri lisanafike pa buku la Boma. Cotero bodza limodzi, kapena kuiwala kumodzi, kukula nako pamodzi.

Mapu a timadera nawonso akalamba. Kum'mawa kwa Chelstone, pa njira yopita ku Chongwe, malo ambiri amene kale anali minda ndi mapulazi tsopano adzala nyumba. Kusankha mabanja pa mapu akale kuli ngati kulawa mphika wa dzulo. Ici ndico cifukwa cace kalembera wa anthu onse akatha, mndandanda wa timadera ukonzedwanso, kuti kufufuza konse kotsatira kuyambire pa maziko atsopano.

KODI WANCHITO NDANI?

Kufufuza kwa anchito kuchedwa Labour Force Survey, ndipo akalembera akucita mothandizana ndi Unduna wa Zanchito. Kunacitika koyamba mu 1986, ndipo kunacitikanso mu 2005, 2008, 2012 ndi 2014. Pa zaka zonsezi munthu wolima cimanga ca pakhomo pace anali kuwerengedwa wapanchito, cimodzimodzi ndi kalaliki wolandira malipiro pa mwezi. Zotsatira zace zinali zakuti kumidzi kunaoneka ngati kulibe ulova, ngakhale kuti anyamata ambiri anali kufunitsitsa nchito ya ndalama osaipeza.

Mu October 2013, akatswiri a ziwerengero za nchito ocokera m'maiko ambiri anasonkhana ku Geneva pa msonkhano wao wa 19, woitanidwa ndi bungwe la International Labour Organization. Anagwirizana kuti mau akuti wapanchito adzinenedwa kwa munthu wogwira nchito ya malipiro kapena ya phindu yekha. Wolima cakudya ca banja lace agwiradi nchito, ndipo nchito yace ndi yolemetsa, koma alembedwe pa mndandanda wacewace. Zambia inayamba kutsata muyeso umenewu mu 2017.

Funso lalikuru limene wakalembera afunsa munthu wa zaka 15 kapena kuposerapo ndi lakuti, kodi pa masiku 7 apitawa anagwirako nchito ya malipiro kapena ya phindu, ngakhale kwa ora limodzi lokha? Kwa wolima munda wa banja pali funso lina: kodi zolimazo makamaka nzogulitsa, kapena makamaka nzodya pakhomo?

Mabanja anai a mu Lusaka momwemo aonetsa umo muyesowu ugwirira nchito. Mai wa ku Chelstone amene alima cimanga pa kamalo kosamangidwa kuti ana adye, iye alembedwa pakati pa olima cakudya cao. Bambo wa ku Woodlands amene aweta nkhuku kuseri kwa nyumba nazigulitsa, iye ndi wapanchito ya ulimi ngakhale akhala m'tauni. Kalaliki wa ku Kabwata amene ali ndi munda ku Chongwe napitako Loweruka, nchito yace yaikuru ikhala ya ukalaliki. Koma mnyamata amene iye am'lipira kuti apalire mundawo, ameneyo ndiye wanchito wa m'munda. Mnyamata wosamala maluwa ndi kapinga pa nyumba ya ku Kabulonga, ngakhale agwira khasu tsiku lonse, awerengedwa pamodzi ndi anchito a pakhomo, osati a ulimi.

Kumudzi lamulo ndi lomwelo. Wolima fodya, thonje, soya kapena mpendadzuwa wogulitsa ndi wapanchito. Mkazi wace ndi ana ace akuru othandiza pa munda wogulitsawo nawonso ndi apanchito, ngakhale salandira malipiro m'manja. Wopita ku ganyu, kaya alandira ndalama kaya cimanga ca m'beseni, ndi wapanchito pa sabata imeneyo.

Muyeso watsopanowu utayamba, ciwerengero ca malova cinakwera kucokera pa 7.4 mwa 100 ali onse mu 2014 kufika pa 12.6 mu 2017. Munthu wosadziwa za kusinthaku angaganize kuti dziko linagwa m'tsoka pa zaka zitatuzo. Zoona zace nzakuti ziwerengero ziwirizi siziyenera kulinganizidwa, pakuti zinayesedwa ndi miyeso yosiyana, monga thumba loyesedwa ndi tini ndi thumba loyesedwa pa sikelo.

NYENGO NDI KUIWALA

Nchito ya m'munda siyenda mofanana caka conse. Mu December ndi January, pa nthawi yobzala ndi yopalira, manja sakwanira. Mu August ndi September anthu ambiri alibe cocita m'munda kupatula a madimba. Kale kufufuza kunali kucitika kamodzi, m'miyezi yowerengeka, ndipo cithunzi cace cinali ca nyengo imodzi yokha. Kuyambira mu 2017 anakonza zoti kudzicitika kanai pa caka, miyezi itatu iri yonse, kufikira mabanja oposa 10,000 pa caka, kuti waganyu aoneke pa nthawi ya nchito yambiri ndiponso pa nthawi imene ganyu wasowa.

Vuto lina ndilo kuiwala. Mu 2014 akatswiri a World Bank ndi anzao anayesa njira ziwiri m'cigawo ca Mara ku Tanzania. Mabanja ena anali kufunsidwa sabata iri yonse za nchito ya m'munda, ena mwa kuwayendera, ena pa foni. Mabanja ena anafunsidwa kamodzi kokha zokolola zitatha. Ofunsidwa kamodziwo anachula maora ocuruka kufikira kanai pa munthu mmodzi ndi munda umodzi kuposa anzao ofunsidwa sabata ndi sabata. Komanso anaiwala kuchula anthu ena amene anagwirako nchito, ndi minda ina yaing'ono. Sikuti anali kunama ai. Munthu akumbukira masiku a thukuta lalikuru, naganiza kuti nyengo yonse inali yotero. Phunziro lace ndi lakuti funso la masiku apafupi lipeza yankho loona kuposa funso la miyezi yambiri yapita.

Kukula kwa munda nakonso kunyenga maso. M'maiko angapo a mu Africa, poyesa minda ndi makina a GPS, kwapezeka kuti alimi akuza minda yaing'ono ndi kucepetsa yaikuru poichula pakamwa. Kukula kwa munda kukalakwika, ciwerengero ca manja ofunika pa hekitala cilakwikanso.

Mapepala nawonso anali ndi zobvuta zao, pakuti anali kunyowa, kusowa, kapena kukoperedwa molakwa ku Lusaka. Kalembera wa mu 2022 anali woyamba wa anthu onse m'Zambia kulembedwa pa timakina ta m'manja tochedwa tabuleti. Kamakina kotere kakana yankho losagwirizana ndi linzace wakalembera asanacoke pakhomo.

AKALEMBERA ENA A ZA ULIMI

Pali kufufuza kwinanso kumene alimi ambiri akudziwa. Caka ndi caka akalembera pamodzi ndi Unduna wa Zaulimi, umene uli ku Mulungushi House, acita Crop Forecast Survey mbeu zikali m'munda. Alimi agawidwa monga mwa kukula kwa minda yao: osakwana mahekitala 2, a mahekitala 2 kufika pafupi ndi 5, ndi a mahekitala 5 kufika pafupi ndi 20. Mwa amenewa asankhamo owerengeka, koma mapulazi a mahekitala 20 kapena kuposerapo afuna kuwafikira onse, popeza ndi ocepa ndipo pulazi limodzi lokha likasiyidwa ciwerengero cipendekeka. Bungwe la Indaba Agricultural Policy Research Institute la ku Kabulonga linagwirizananso ndi Boma pocita Rural Agricultural Livelihoods Survey mu 2012, 2015 ndi 2019, kubwerera kwa mabanja omwewo kuti aone umo moyo wao usinthira.

PHINDU LACE KWA WAKUMUDZI

Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cagwetsa dziko m'tsoka. Cimanga ca mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa 2.2 miliyoni amene anabzalidwa cinaonongeka, ndipo zokolola zinatsika kucokera pa matani oposa 3.2 miliyoni caka cinzace kufika pa matani ngati 1.5 miliyoni. Pa caka cotere mabanja savutika mofanana. Wolima cakudya cace ataya nkhokwe. Waganyu ataya malipiro, pakuti amene anali kum'lemba nayenso alibe. Wanchito wa pa pulazi angathe kucotsedwa nchito. Ngati onsewa aunjikidwa pamodzi pa dzina limodzi lakuti alimi, Boma silingadziwe kuti ofuna cakudya ndi angati, ofuna mbeu ndi angati, ndipo ofuna nchito ya malipiro ndi angati.

WAKALEMBERA AKAFIKA PAKHOMO

Mwini banja ayenera kuyamba waona ciphaso ca wakalembera. Akakhutira, ayankhe mosaopa, pakuti lamulo la mu 2018 liletsa kuulula mayankho a munthu mmodzi; m'mabuku muturuka ziwerengero zokha, popanda maina.

Ngati nkotheka, munthu wamkuru ali yense adziyankhire yekha. Bambo woyankhira banja lonse kawirikawiri aiwala kuti mai anagulitsa tomato wa m'dimba, kapena kuti mnyamata anapita ku ganyu masiku awiri. Ganyu wa tsiku limodzi achulidwe. Munda wa kudambo ndi wa kuseri kwa nyumba ichulidwe. Pa funso la kugulitsa kapena kudya, mlimi anene colinga ceniceni cimene anabzalira mbeuyo, osacepetsa poyembekeza cithandizo, ndiponso osakuza pofuna ulemu.

Nkothandizanso kusunga kabuku ka pakhomo. Mwana wa sukulu angathe kulembamo madzulo ali onse amene anapita kumunda, nchito imene anagwira, ndi malipiro a waganyu. Kabuku kotere kapatsa wakalembera yankho loona, ndipo mbeu zikagulitsidwa kauzanso mlimi mwini wace ngati mundawo wabweza thukuta limene unadya.